Kuluka kumayambira m'maso

Anthu amene angoyamba kuluka ndi singano ziwiri akakhala pamodzi, nkhani imene sichedwa kubuka ndi ya kagwiridwe ka ulusi. Wina anauzidwa kuti ulusi uzikhala kudzanja lamanja, aziukulunga pa singano ndi chala cha mkombaphala. Wina anaonera munthu amene ulusi wake umakhala kumanzere, singano n'kumangoukola. Wina anaonapo ulusi ukudutsa kuseri kwa khosi, chala chachikulu n'kumaukankhira pa singano. Aliyense amafuna kudziwa amene akulondola. Onsewa akulondola. Njira yoyambayo ambiri amaitcha ya Chingerezi, yachiwiriyo inafala ku Germany ndi mayiko ena a ku Ulaya, ndipo yodutsitsa ulusi m'khosiyo mukaipeza ku Portugal ndi kumapiri a Andes ku Peru. Mutaika pamodzi zoluka za anthu atatuwa, simungadziwe kuti uyu anagwira bwanji ulusi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafunitsitsa kuti aliyense wongoyamba achimve msanga. Maso athu amathamangira ku manja a wotiphunzitsa, n'kumaloweza kuti chala ichi chipite apa, singano ilowe apo. Kuloweza koteroko kumathandiza tsiku limene zonse zikuyenda bwino. Koma singano ikangosololoka, kapena wina akakuitanani muli pakati pa mzere, zoloweza zija zimabalalika, munthu n'kutsala chigwirire choluka chake osadziwa polowera. Chimene chimamupulumutsa munthu pa nthawi yotero ndi kuzindikira zimene ulusi ukuchita pa singanopo. Manja adzazolowera okha. Maso ndiwo ayenera kuphunzitsidwa mwadala.

Sitichi ndi diso la ulusi limene lakokedwa kudutsa m'diso lina. Palibenso china. Juzi yonse, kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi, ndi maso a ulusi okolekana motero. Diso latsopano mukalikokera kwa inu, mutu wa diso lakale umagwera kuseri, ndipo kumaso kumaoneka kachilembo ka V kosalala. Imeneyo ndi sitichi ya knit. Diso latsopano mukalikankhira kuseri, mutu wa lakale umagwera kwa inu n'kupanga kabampu kopingasa. Imeneyo ndi ya purl. Tembenuzani cholukacho muone: pamene panali V pali kabampu, pamene panali kabampu pali V. Purl ndi msana wa knit. Munthu akangoona zimenezi ndi maso ake, mantha amene ambiri amakhala nawo pa purl amatha, chifukwa amazindikira kuti sakuphunzira chachilendo, akungopanga sitichi yomwe ija kuchokera mbali inayo.

Tsono yang'anitsitsani mmene sitichi yakhalira pa singano ya kumanzere. Yatang'adza ngati munthu wokwera njinga, mwendo umodzi kutsogolo kwa singano, wina kuseri. M'kalukidwe kamene mabuku ambiri amaphunzitsa, mwendo wakutsogolo ndiwo umayandikira kunsonga. Masitichi akagwa n'kuwatolera mothamanga, ena amabwerera atatembenuka, mwendo woyandikira kunsonga uli kuseri. Mukailuka sitichi yotero monga mwa nthawi zonse imapotoka, miyendo ya V ija imapingasana pansi, ndipo pamalopo pamathina. Chochita n'chapafupi: lowetsani singano pa mwendo umene wayandikira kunsonga, kaya uli kutsogolo kaya kuseri, kapena itembenuzeni sitichiyo musanailuke. Kanthu kameneka kamaoneka kochepa, koma ndiko kamasiyanitsa munthu amene angamasule mizere itatu n'kupitiriza mosatekeseka ndi amene amamasula zonse n'kuyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pamalo owala, muitenge sitichi imodzi, muitembenuze uku ndi uku mpaka muidziwe.

Kuchokera pa masitichi awiriwa pamatuluka mitundu ya zoluka imene mumaiona tsiku ndi tsiku. Mukaluka knit yokhayokha mzere uliwonse, mumapeza garter, ya mizere yotumphuka mbali zonse ziwiri, yonenepa, yosapindika. Mukasinthanitsa mzere wa knit ndi mzere wa purl, mumapeza stockinette, yosalala kumaso, yamabampu kuseri. Mukasinthanitsa m'kati mwa mzere umodzi, awiri a knit, awiri a purl, n'kumasanja ofanana pamwamba pa ofanana, mumapeza mizere yotsika yotamuka ija ya m'mikono ndi m'khosi mwa juzi. Pa mtundu wachitatuwu simufunikanso kuwerengetsa pamtima: mukaona V pansi pa singano lukani knit, mukaona kabampu lukani purl.

Za stockinette ndinenepo mawu owonjezera, chifukwa yawataitsa mtima anthu ambiri osalakwa. Imadzipinda m'mphepete. M'mbali imapindikira kuseri, pamwamba ndi pansi imapindikira kumaso. Sikuti mwathinitsa kapena ulusi wanu ndi woipa, koma kuti nkhope ya sitichi ndi msana wake sizikoka mofanana, ndipo masitichi onse akayang'ana mbali imodzi palibe woletsa mnzake. Kusita sikuthetsa khalidwe limeneli mpaka kalekale. Chimene chimathandiza ndi kuluka masitichi anayi kapena asanu a garter m'mphepete monse. Pa juzi vutoli silioneka m'mbali chifukwa mumasokedwa.

Ndimakonda kukumbukira kuti oluka akale anakhala nthawi yaitali akudalira knit. Zina mwa zoluka zakale kwambiri zimene zilipobe ndi masokosi a thonje opezeka ku Egypt, a zaka za pakati pa 1000 ndi 1400, olukidwa mozungulira. Munthu woluka mozungulira satembenuza choluka chake, nthawi zonse amayang'ana kumaso, choncho knit yokha imam'patsa nsalu yosalala. Pa zoluka zakale zimene purl anaigwiritsa ntchito pokongoletsa, zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi masokosi ofiira a silika amene Eleonora di Toledo anaikidwa nawo m'manda ku Florence mu 1562. Ndiye ngati purl ikukuvutani sabata zoyamba, dziwani kuti chipewa cholukidwa mozungulira chingathe kutha pafupifupi chonse ndi knit, purl n'kungofunika m'mphepete.

Tibwere ku singano, kumene malangizo amachuluka mpaka mutu kuima. Choyamba ndi kukula kwake, ndipo apa pali msampha. Singano zimayezedwa m'mamilimita, koma palinso manambala a ku America ndi manambala akale a ku Britain, amene amayenda mosemphana. Ku America nambala ikamakwera singano imanenepa: 0 ndi mamilimita 2, ndipo 15 ndi mamilimita 10. Pa manambala akale a ku Britain nambala ikamakwera singano imawonda: 14 ndi mamilimita 2, ndipo 000 ndi mamilimita 10. Choncho "nambala 8" ya ku America ndi mamilimita 5, pamene ya ku Britain ndi mamilimita 4. Mnzanu akakuuzani kuti analuka ndi nambala 8, mufunseni kuti mamilimita angati. Singano zakale zimene manambala ake anafufutika mungaziyeze ndi kachipangizo ka mabowo osiyanasiyana kukula. Bowo laling'ono kwambiri limene singano yalowa bwino ndilo muyezo wake.

Wongoyamba ndimamulangiza singano za mamilimita 5, zazifupi, za masentimita 25 kapena kuzungulira pamenepo, ndi ulusi wonenepa pang'ono, wa mtundu umene umalembedwa aran kapena worsted. Ena amati yambani ndi singano zikuluzikulu kuti choluka chikule msanga. Ine sindigwirizana nazo. Singano yonenepa kwambiri imadzadza dzanja, zala sizipeza mpata wophunzira kayendedwe kake, ndipo mukadzabwerera ku singano wamba mumakhala ngati mukuyambanso. Zowonda kwambiri nazo zimabisa sitichi.

Chimene singano yapangidwira chili ndi mbali yake. Ya nsungwi kapena ya mtengo imaugwira ulusi pang'ono, masitichi sathawa, ndipo imeneyi ndi mphatso kwa munthu amene manja ake sanakhazikike. Yachitsulo imaterera, imafulumiza, komanso masitichi amasololoka mosavuta mukaiweramitsa. Komabe pali anthu amene amathinitsa kwambiri moti pa nsungwi masitichi amakanirira osasuntha, ndipo amenewa chitsulo chimawamasula. Ndiye palibe singano yabwino kwa aliyense. Onani chimene chikukuchitikirani: masitichi akamathawa tengani ya nsungwi, akamakanirira yesani yachitsulo.

Singano ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe, zimene amalukira mozungulira, anthu ambiri amaziopa poganiza kuti ndi za akatswiri. Ine ndimazikonda ngakhale pa zoluka zathyathyathya. Mumangoluka mzere, n'kutembenuza, monga mwa nthawi zonse, koma kulemera kwa cholukacho kumatsikira pa chingwe n'kukhala pamiyendo m'malo molendewera kunsonga ya ndodo yaitali, ndipo singano inayo singasowe. Ya chingwe cha masentimita 80 imagwira ntchito zambiri, ya masentimita 40 ndiyo ya chipewa cha munthu wamkulu. Zija zosongoka mbali zonse, zobwera zinayi kapena zisanu, zisungireni tsiku la masokosi.

Pa ulusi, chachikulu ndi chakuti muziuona. Sankhani wowala mtundu, wosalala, wopotedwa bwino. Wakuda umabisa miyendo ya sitichi, waubweya wa nyankhalala umakolana moti kumasula kumavuta. Ulusi wa ubweya wa nkhosa umatamuka n'kubwerera, choncho umabisa kusafanana kwa masitichi a wophunzira, koma ukachapidwa m'madzi otentha n'kufikisidwa umagwirana n'kufupika, pokhapokha utakonzedwa mwapadera kuti uzichapidwa ndi makina. Wa thonje sutamuka, umatopetsa zala, ndipo chilema chilichonse chimaonekera. Wa acrylic umachapika mosavuta koma suyanjana ndi moto wa simbi. Kapepala kokulunga mpukutu musakataye: pali utali wa ulusi m'mamita, singano yoyenera, kachapidwe, ndi nambala ya gulu limene unanyikidwa nalo mu utoto. Mipukutu ya mtundu umodzi koma ya magulu osiyana ingaoneke yofanana m'manja, koma pa juzi mzere wosiyanitsa umadzaonekera.

Vuto limene pafupifupi aliyense amadutsamo ndi kuthinitsa. Mumafika poti singano sikulowanso m'sitichi, mapewa akwera, zala zikuwawa. Anthu amangoti "masukani", ngati kuti nkhani ndi ya mumtima mokha. Nthawi zambiri chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Kukula kwa sitichi kumachokera pa thunthu la singano, pamene yanenepa mokwanira. Nsonga ndi yowonda. Mukapanga sitichi pansonga n'kuimangitsa pomwepo, imakhala yaing'ono kuposa singanoyo, ndipo mzere wotsatira mudzalimbana nayo. Sitichi yatsopano izifika pa thunthu la singano ya kumanja musanaisiye, ndipo mukaimaliza musaukokenso ulusi. Sitichi yabwino imayenda pa singano mukaikankha ndi chala, koma silendewera.

Vuto lachiwiri ndi masitichi ochuluka okha. Munayamba ndi 20, mukawerenga mupeza 23, cholukacho chikunka chitambasuka. Zifukwa zake ndi zodziwika, ndipo chilichonse chimasiya chizindikiro. Poyamba mzere, ulusi mukaukokera m'mwamba n'kuudutsitsa pamwamba pa singano kupita kuseri, sitichi ya mzere wapansi imakwera n'kuonetsa miyendo yake iwiri ngati masitichi awiri. Ulusi uzilendewera pansi musanayambe, ndipo mudzaona kuti ndi imodzi. Ulusi ukakhala kutsogolo pamene mukuluka knit, umakwera pa singano n'kukhala sitichi yatsopano yokhala ndi bowo pansi pake. Nthawi zina nsonga imabaya pakati pa ulusi n'kuugawa, kapena imatola kaulusi kopingasa kamene kali pakati pa masitichi awiri. Ndipo pali china chimene chimasokoneza kwambiri: kusiya choluka pakati pa mzere, pobwerera n'kulowera kolakwika. Pamatsala bowo, mbali imodzi n'kutalika kuposa inzake. Musanapitirize, tsatani ulusi wochokera ku mpukutu. Sitichi imene wamangirirako ndiyo munaimaliza, ndipo singano yake ikhale kudzanja lamanja.

Bowo lija la ulusi wokwera pa singano lili ndi phunziro lake. Chimene kwa wophunzira ndi ngozi ndicho maziko a zoluka zamaluwa za mabowomabowo, monga mashawelo otchuka a kuzilumba za Shetland. Kumeneko bowo limapangidwa dala, pamalo osankhidwa, kenako masitichi awiri amalukidwa pamodzi kuti chiwerengero chisasinthe.

Sitichi yogwa ndiyo imaopedwa kuposa zonse, pamene kukonza kwake n'kosavuta. Ikasololoka imatsika mizere ingapo, n'kusiya timaulusi topingasa tosanjikizana. Kaulusi kalikonse ndi mzere umodzi umene sitichiyo yamasukamo. Ikoleni ndi singano ya ngowe, ija ya kaluka ka singano imodzi kotchedwa crochet, mutayang'ana mbali yosalala. Kokani kaulusi kapansi penipeni kudutsa m'disolo, kenako kotsatira, osadumpha, mpaka mufike pamwamba. Ndimalimbikitsa aliyense kuti aigwetse dala sitichi pa kachidutswa koyeserera, aisiye itsike mizere isanu, kenako aikweze. Amene wachita zimenezi kamodzi sanjenjemeranso zikadzachitika pa juzi. Pa ntchito yovuta, dutsitsani kaulusi ka mtundu wina m'masitichi onse a mzere umene mwatsimikiza kuti uli bwino. Mukadzafuna kumasula, kumasukako kudzaimira pamenepo.

Tsono pali ntchito imene pafupifupi aliyense amafuna kuidumpha, yoluka kachidutswa koyezera musanayambe chovala. Patani imanena kuti masitichi angati akwane m'masentimita 10. Pa ulusi wolembedwa DK, wowonda pang'ono kuposa aran, ndi singano za mamilimita 4, kawirikawiri amakhala 22. Tiyerekeze kuti juzi ikufunika masentimita 100 kuzungulira chifuwa, ndiye kuti masitichi 220. Ngati dzanja lanu limapanga 20 m'masentimita 10, juziyo idzatuluka masentimita 110. Ngati limapanga 24, idzatuluka pafupifupi 92, ndipo mwini wake sadzaivala. Kusiyana kwa masitichi awiri okha kwabala zonsezo. Lukani kachidutswa kopitirira masentimita 10 kuti muyeze pakati osati m'mphepete, kachapeni mmene mudzachapire chovalacho, kaume mutakayala, kenako werengani. Masitichi akachuluka tengani singano yokulirapo, akachepa tengani yocheperapo. Nambala ya singano yolembedwa pa patani ndi poyambira chabe, chifukwa wolemba pataniyo analuka ndi manja ake, osati anu.

Ndimaona phindu lalikulu ophunzira akamathandizana okhaokha. Munthu amene waluka zaka zambiri zala zake zimachita zinthu zimene iye mwini sazionanso, ndipo mukamufunsa amangobwereza mofulumira. Amene anavutika ndi purl mwezi wathawu akukumbukira pamene panamusokoneza, ndipo amafotokoza ndi mawu a munthu wosokonezeka, amene mnzake amawamva. Chimene ndimapempha ndi chakuti langizo liziyenda ndi chifukwa chake. Mwachitsanzo, ambiri amauzana kuti sitichi yoyamba ya mzere uliwonse muzingoisamutsa osailuka. Pa sikafu ndi langizo labwino, m'mphepete mumaoneka mwaudongo. Koma pa zidutswa zimene mudzazisoke pamodzi, masitichi a m'mphepetewo amakhala aataliatali, lililonse likuimira mizere iwiri, ndipo msoko ungathe kukhala wolekera. Wopereka langizo anene kuti analiyesa pa chiyani. Wolandira aliyese pa kachidutswa. Ndipo mnzanu akabwera ndi choluka chabowo, musamulande singano kuti mumukonzere. Khalani pambali pake, mutsate ulusiwo limodzi mpaka iye aone pamene unalowera.

Amanzere asade nkhawa kwambiri. Kuluka kumagwiritsa manja onse awiri, ndipo ambiri a iwo amapeza kuti kugwira ulusi kumanzere kumawayendera bwino popanda kutembenuza malangizo a patani.

Pa choyamba kuluka, sikafu yaitali imene ambiri amayambira ine ndimaikayikira. Ndi mizere mazanamazana ya chinthu chimodzi, ulesi umagwira munthu asanafike pakati, komanso dzanja limasintha pamene mukuphunzira, moti koyambira kumatuluka kothina, kothera kotakasuka. Bwino tizidutswa ting'onoting'ono ta masitichi 20 kapena 25, kena ka garter, kena ka stockinette, kena kotamuka. Kalikonse kamakupatsani mpata woika masitichi pa singano ndi wotseka, zinthu ziwiri zimene woluka sikafu amazichita kamodzi kokha n'kuiwala. Njira zoikira masitichi zilipo zambiri. Phunzirani imodzi, ndipo ngati ndi ija yofuna mchira wautali, siyani ulusi wotalika katatu kuposa m'lifupi mwa chimene mukuluka, n'kuwonjezerapo pang'ono.

Potseka, lukani masitichi awiri, woyambayo mumudumphitse pamwamba pa wachiwiri n'kumugwetsa, lukani wina, mudumphitsenso, mpaka patsale mmodzi. Mzere umenewu sutamuka ngati inzake, ndipo pakhosi la juzi ukathina mutu sudutsa. Gwirani kudzanja lamanja singano yokulirapo ndi milimita imodzi pa mzere wotsekawu. Dulani ulusi mutasiya masentimita 15, muudutsitse m'diso lomaliza, kenako ndi singano yosokera yobuntha muuyendetse kuseri motsata njira ya masitichi, osamanga mfundo, chifukwa mfundo imatulukira kumaso chovala chikachapidwa.